Voti ya Eni Ake

Njombwa, Kasungu
6 Januwale 2013

Okondedwa achimwene a Lazaro,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Karoi, inu ndi mwana wathu Gladness ndi mdzukulu wanu Diana? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Ndine mlongo wanu Lusiya, ngati dzanja langa mwaliiwala.

Kalata iyi ndapatsira a Wyson, a kutsidya kwa dambo, amene amayendetsa thiraki yopita ku Joni. Akuti amadutsa ku Halale kawiri pamwezi, ndipo ali ndi mnzawo amene amafika kwanuko. Za positi ndaleka, chifukwa makalata awiri a chaka chatha sindikudziwa ngati anakupezani. Foni ya anansi anu ija tikaimba imayankha mayi wolankhula Chishona, ndiye timangotha mayunitsi osamvana.

Mvula inayamba bwino. Fodya tinawokera Khirisimasi isanakwane, maekala awiri, ndipo wagwira. Ntchito yambiri wagwira ndi mwana wanga Masautso ndi mkazi wake. Ine chaka chino khasu landikana. Ndikapalira mizere itatu msana umayamba, komanso pali kavuto kena ka ife azimayi kamene mwana wanga Feggie akuti ndikaonetse kuchipatala. Mwana ameneyu chiyambireni ntchito ya zaumoyo ku boma, munthu ukangotsokomola amakuona ngati wapita kale. Musade nkhawa.

Chimene ndalembera ndi ichi, achimwene. Bwerani kumudzi. Munachoka mu 1975 ine ndili mtsikana wa Sitandade 6. Munabwerako kamodzi, pa maliro a amayi mu 1991, ndipo munagona masiku anayi. Tinabadwa asanu ndi mmodzi, tatsala awiri. Mwezi watha panali nkhani ya malire a munda wa kumtunda uja, ndipo anthu atafunsa kuti mwini mbumba ali kuti, ine ndinangoyang'ana pansi. Nkhaniyo inatha bwino, koma kuyang'ana pansiko sikunandithere.

Sindikupempha chitenje kapena shuga. Mungobwera nokha ndi nkhope yanu. Ndaganiza kuti mwezi wa Epulo ungakhale bwino, sukulu zikatsekera, kuti Gladness naye apume kuphunzitsa abwere nanu. Sindinamuonepo mwana ameneyu koma pachithunzi chija ali wakhanda. Amayi a kumvano ndimawauza kuti ndili ndi mwana mphunzitsi ku Zimbabwe, iwo amati ndi liti tidzamuone.

Mundiyankhe kudzera kwa a Wyson omwewa.

Ndine mlongo wanu,
Lusiya


Karoi
24 Febuluwale 2013

Mlongo wanga Lusiya,

Kalata yanu yandipeza pa 17 mwezi uno, itayenda masabata asanu ndi umodzi, itada m'makona ngati inagona mu injini. Dzanja lanu sindingaliiwale. Mumalembabe "g" wa mchira wautali uja amene aphunzitsi ankakukwapulirani.

Ife tili bwino. Gladness akupereka moni, Diana ali mu Giredi 6 ndipo ndi wanzeru pa masamu. Kuno nako fodya wacha, tayamba kuwotcha m'mabani. Wathu kuno ndi wa moto, si wa chigafa ngati wanu, ndiye munthu umanunkha utsi mpaka Meyi.

Za kudwala kwanu, mverani Feggie. Pitani mukaonetse. Msana wa pa khasu ndimaudziwa, umafuna kupuma basi.

Za kubwera, ndamva, ndipo ndidzabwera. Koma Epulo sizitheka. Mwina mwamva pa wailesi kuti kuno kuli riferendamu pa 16 Malichi. Alemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo anthu akukaponya voti kunena kuti inde tiwalandire, kapena ayi. Kabuku kake ndinakapeza, ka Chishona, ndipo ndakawerenga katatu ndi magalasi obwereka. Muli zinthu zambiri, za nthawi imene mtsogoleri ayenera kukhala pampando, za makhoti, za amayi. Koma muli ndime ina imene ikunena za anthu obadwira kuno amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambiki. Ndime imeneyo ndaiika chizindikiro ndi kachitsotso.

Ine mwini sindiponya nawo. Chitupa changa sichilola. Koma sindingachoke ndisanaone kuti zatha bwanji. Akati inde, pali zina zoti ndikonze, zikatha ndinyamuka. Akati ayi, ndiye sindikudziwa.

Gladness kubwera naye chaka chino kungavute, ntchito yamuchulukira. Amayi a kumvanowo muwauze kuti apirire.

Munda wa kumtunda musalole munthu kusuntha malire. Mzere wake ndi pa mtengo wa muwanga mpaka pachulu, atate anandionetsa ndi ndodo yawo. Masautso adziwe zimenezo.

Mupereke moni kwa onse ondikumbuka, ngati alipo.

Ine mlongo wanu,
Lazaro


Njombwa
21 Malichi 2013

Achimwene,

Moni wa masiku. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi ana. Kalata yanu anandiwerengera ndi Feggie, chifukwa maso anga masiku ano zilembo zing'onozing'ono amaziphatikiza. Atafika pa za voti paja anaima, n'kundiyang'ana, n'kubwerezanso. Anati, "Amayi, atsibweni akudikira voti imene iwo saponya nawo?" Ine ndinati werenga zimene zalembedwa, zofunsa usiye.

Koma nanenso ndadabwa, achimwene. Munayamba liti ndale? Kwathu kuno munali munthu wa mpira ndi njinga.

Ifenso tinaponyapo riferendamu, inu kulibe, mu 1993. Panali nyali ndi tambala wakuda. Kuno kwathu mukudziwa mmene zinalili, pafupifupi mudzi wonse unali wa tambala. Ine ndinaponya nyali, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale malemu alamu anu anapita osadziwa. Ndakuuzani inu lero. Ndinabwerako mtima ukugunda ngati ndaba nkhuku. Nyali itapambana, m'mawa mwake ndinatenga khasu kupita kudimba ngati masiku onse, ndipo mpiru unafuna madzi omwe aja. Sindikunena kuti zinalibe ntchito. Pakamwa pathu panamasuka. Ndikungoti voti imadutsa, anthu n'kutsala ndi zimene anali nazo, ndipo ena pofika tsikulo amakhala atachoka.

Kuchipatala ndinapita. Ku boma anandiyeza n'kunditumiza ku Lilongwe, kumeneko anadula kanyama kakang'ono akuti akakaunike. Zotsatira sizinabwere. Panopa ndimakhala pamkeka m'chigafa n'kumasoka fodya, poti imeneyo ndi ntchito ya manja. Masamba chaka chino ndi aakulu, chigafa chadzaza mpaka tawonjezera china. Fungo lake lija limene munkalikonda, la fodya akamayamba kufiira, ladzaza pakhomo ponse.

Tamva pa wailesi kuti kwanuko a inde apambana ndi anthu ochuluka. Ndiye zatha, si choncho? Ndauza Masautso kuti akonze nyumba ya amayi ija, afolere udzu watsopano mbali imene imadontha. Mphasa ndagula kale. Mukadziwa tsiku mutiuze, kuti akakuchingamireni ndi njinga.

Musachedwe kwambiri.

Mlongo wanu,
Lusiya


Karoi
14 Epulo 2013

Mlongo wanga,

Moni nonse. Sindikudziwa ngati munalemba ina, chifukwa chilandirireni ya Januwale ija sindinaone kanthu. Mnzawo wa a Wyson akuti thiraki yawo anaisintha njira, ikupita ku Beira mwezi uno. Ndalemba ndithu, ikafika ikafika.

Inde wapambana. Tsiku la voti ndinavala jekete, ndinapita kusukulu kumene ankaponyera, ndinakaima kunja kwa mpanda pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anthu ankatuluka chala chili chofiira ndi inki. Ndinkawayang'ana kumaso mmodzimmodzi kuti ndione ngati ndi wa inde kapena wa ayi, ngati nkhope ingakuuze. Mnyamata wina wondidziwa anandifunsa kuti, "Mdala, mukulondera chiyani, inu a ku Bulantaya?" Kuno tonse amatitcha a ku Bulantaya, ngakhale ine Bulantaya sindinapondeko. Ndinamuyankha kuti ndikuwothera dzuwa. Zotsatira zitatuluka ndinalowa m'bani, ndinakhala pa nkhuni, ndipo misozi inatuluka. Anzanga anayesa utsi.

Koma akuti sizinathe. Malamulowo ayenera kudutsa kunyumba ya malamulo, kenako asainidwe, ndiye ayambe kugwira ntchito. Ena akuti Meyi, ena akuti Juni. Ndadikira zaka zambiri, miyezi iwiri sindingailephere. Inunso pirirani pang'ono, mlongo wanga. Mukamagulitsa fodya wotsiriza ndidzakhala ndili pakhomo, ndidzathandiza Masautso kuzula mapesi.

Msana uli bwanji? Ndikhulupirira mankhwala anakupatsani.

Lazaro


Kasungu Boma
12 Meyi 2013

Atsibweni,

Ndine Feggie, mwana wachiwiri wa mlongo wanu. Munandiona ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Moni ndapereka, ndipo mundikhululukire kuti sinditalikitsa.

Amayi sakudziwa kuti ndikulemba. Iwo amakulemberani za msana chifukwa ndinu mlongo wawo ndipo pali zinthu zimene sangatchule kwa inu. Ine ndimagwira ntchito kuchipatala, ndiye nditchula. Amayi ali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Zotsatira zinabwera pa 9 Epulo. Madokotala akuti inafalikira kale, opaleshoni singathandize. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu n'kutiuza kuti tipite nawo kunyumba. Thupi latha, chitenje chimawazungulira kawiri. Sakuyendanso kufika kuchigafa. Pamene ndikuona ine, ndi nkhani ya masabata, osati miyezi.

Kalata yanu ya Epulo ndinawawerengera Loweruka. Munalemba tsamba lonse za jekete, za inki, za misozi yanu pa malamulo a dziko la eni. Za iwo munalemba mzere umodzi kumapeto. Atamva anangoti, "Chabwino, Juni si kutali," n'kutembenukira kukhoma.

Atsibweni, ine ndine mwana, sindiyenera kukulankhulani chonchi. Koma nyumba ya agogo inafoleredwa mu Malichi. Mphasa imene anakugulirani ili chiimikire pakona, salola munthu kuigonera. Galimoto ikaima kumsewu amafunsa kuti watsika ndani. Inu ndinu kapitawo pa famu, mwana wanu ndi mphunzitsi wa boma. Kuchokera kwanuko kudzera ku Tete ndi ulendo wa masiku awiri. Chikukukanikani n'chiyani? Ngati kumudzi munakutaya, nenani, ndiwauze asiye kuyang'ana kumsewu.

Malamulo amenewo adzakhalapo chaka chamawa. Amayi sadzakhalapo.

Feggie


Karoi
9 Juni 2013

Feggie mwana wanga,

Kalata yako ndailandira dzulo pamodzi ndi ya amayi ako ya mu Malichi, zonse mu envelopu imodzi. Ndawerenga yako poyamba, kenako yawo, ndipo pamene akunena za kanyama kamene anadula ndaona zimene ndikanaona kale ikanafika nthawi yake. Sunalakwe kundilankhula choncho. Tsopano khala pansi pafupi ndi amayi ako, uwawerengere iyi yonse, usadumphe mzere ngakhale umodzi.

Lusiya, ine si kapitawo. Ukapitawo unatha mu 2002, famu italandidwa. Mwini wake anapita, ife a m'komboni anatiuza kuti tichoke pasanathe sabata. Anzathu a konkuno anapita kumidzi kwawo. Ife obwera tinalibe mudzi. Ndimakhala m'kanyumba ka malata akale kuseri kwa tauni, ndipo ndimagwira ganyu yosonkhezera moto m'mabani a alimi atsopano. Pasipoti yanga ya Malawi inatha mphamvu kalekale, ndipo inatayika pa kusamuka kuja. Chitupa changa cha kuno chili ndi chilembo A, kutanthauza mlendo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, mlendo. Ku ofesi ya kazembe wathu ku Halale anandiuza kuti angandipatse pepala lopitira kumudzi, koma ndi lopitira lokha. Ndikawoloka, kubwerera kuno sindikudziwa ngati ndingathe.

Gladness si mphunzitsi. Amagulitsa tomato ndi masamba pamsewu wopita ku Chirundu. Anabadwira pa famu, mayi ake malemu anali a ku Mozambiki opanda pepala lililonse, ndipo ine sindinakamulembetse ali wakhanda. Ndinkati ndidzapita fodya akatha, chaka chilichonse fodya akatha. Atafika Giredi 7 anamuuza kuti mayeso salemba popanda chikalata cha kubadwa. Ndinapita naye ku ofesi katatu. Kachitatu anatiuza kuti tikafunse kwathu ku Malawi. Mwana amene anali woyamba m'kalasi anakhala pakhomo n'kumaona anzake akupita ndi mapensulo atsopano. Lero ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, alibe chitupa, alibe dziko. Kuno akuti ndi Mmalawi, ku Malawi dzina lake kulibe. Ndipo poti iye alibe, Diana nayenso alibe, ndipo Giredi 7 ndi chaka chamawa.

Mu 2004 munandilembera kuti Feggie wakhoza Fomu 4 ndipo wapeza ntchito ya zaumoyo. Ndinakondwa, Mulungu akudziwa. Koma poyankha dzanja langa linalemba kuti Gladness ali ku koleji ya aphunzitsi. Ndinkati ndi bodza la kalata imodzi. Munayankha mokondwa, munati mwauza a kumvano, ndiye ndinalephera kubweza. Kusabwera kwanga konseku, theka lake ndi mapepala, theka lake ndi bodza limenelo. Ndikanafika bwanji ndi nsapato zomanga ndi waya, inu mukuyembekeza kapitawo?

Malamulo atsopanowa anasainidwa mwezi watha. Ndime ija ndinaiika kachitsotso ikuti munthu wobadwira kuno, kholo lake lili la dziko loyandikana nalo ngati lathu, ndi nzika. Ndiye kuti Gladness. Akuti kuyambira sabata ino a kalembera ayenda m'madera kulemba anthu chisankho chisanafike. Aliyense amene ndamufunsa akuti kholo liyenera kukaonekera lokha ndi chitupa chake, kukachitira umboni. Kholo limene latsala ndine. Ndikachoka lero, ndamutsekera chitseko kachiwiri, ndipo ulendo uno mpaka imfa yake.

Gladness ndamuuza za kudwala kwanu. Za uphunzitsi wakenso ndamuuza, sankadziwa. Anapitiriza kusankha tomato, kenako anati, "Ndiye azakhali amandinyadira chifukwa cha munthu amene kulibe." M'mawa mwake anati, "Pitani, bambo, ine ndinazolowera." Koma Diana anali pakhomo akuchapa yunifomu, ndipo ine sindinathe kunyamuka.

Lusiya, mlongo wanga, ndipatseni masabata atatu. Akangomulemba, tsiku lomwelo ndikwera basi ya ku Halale kukatenga pepala lija, ndipo ndikabwera ndabwereratu. Si ndale. Sindinakutayeni. Ndinali ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndawasunga mpaka andidyera nthawi. Ngati mungathe kundikhululukira, muuze Feggie alembe mawu amodzi okha.

Ine,
Lazaro


Njombwa
7 Julayi 2013

Atsibweni,

Moni. Ndikhulupirira uthenga umene a Wyson anatumiza kwa mnzawo unakufikani, koma ngati sunafike, ndi ine ndikukuuzani. Amayi anatisiya Lachinayi pa 27 Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Masautso anali kuchigafa akudinda mabelo otsiriza, ine ndinali nawo m'nyumba. Sanavutike kwambiri pomaliza. Tinawaika Loweruka, pafupi ndi agogo. Anthu anabwera ambiri, amayi a mvano anaimba kuchokera pakhomo mpaka kumanda.

Pali chinthu chimene ndiyenera kukuuzani, ndipo ndayamba kalata iyi kanayi.

Kalata yanu ya pa 9 Juni inafika msanga. A Wyson anandipatsa pamanja pa 19 Juni, pa depoti ku boma. Ndinaigwira, ndinamva kuti ndi yonenepa, ndipo ndinati mumtima mwanga, masamba enanso a malamulo. Ndinali nditakwiya nanu kwambiri. Ndinaganiza kuti ndikawawerengera amayi kuti dikirani Julayi, dikirani Ogasiti, ndiwapha ndi dzanja langa. Ndinaiponya m'chikwama osatsegula.

Ndinatenga tchuthi n'kubwera kumudzi tsiku lotsatira. Masiku asanu ndi atatu amenewo chikwamacho chinali pa msomali, pamwamba pa mutu wawo. Kawiri anandifunsa kuti, "A Wyson sanadutse?" Kawiri konse ndinati sanadutse.

Lachiwiri, kutatsala masiku awiri, ndikuwapukuta ndi madzi ofunda, ndinalankhula mawu oipa za inu. Ndinati munthu wotani wokonda voti kuposa mlongo wake. Amayi anandigwira dzanja. Mawu anali atachepa kale, koma anati, "Iwe suwadziwa. Achimwene si munthu wa ndale. Chilipo chawagwira mwendo, ndipo akuchita manyazi kunena. Ali mwana anataya mbuzi ya atate, anagona kuthengo masiku awiri kuopa kubwera chimanjamanja." Ndinati nanga bwanji osangonena. Iwo anati, "Nanga ine ndinawauza zanga?" Kenako anati ndikadzakuonani ndisadzakukalipireni.

Ngakhale atanena zimenezo sindinaitsegule. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkaopa kuti akhala olondola, ine wolakwa. Ndinaitsegula Lamlungu, titabwerako kumanda dzulo lake, ndikufuna cholembera m'chikwama. Ndinaiwerengera kuseri kwa chigafa, ndili chiimire. Pamene munalemba kuti khala pansi pafupi ndi amayi ako, ndinakhala pansi pomwepo, ndekha.

Munapempha mawu amodzi. Akanawanena, atsibweni, sindikukayika. Akanaseka za uphunzitsi wa Gladness, akanati nanga tomato si ntchito. Akanapita akudziwa kuti simunawataye. Ine ndi amene ndinawamana zimenezo, ndipo inunso ndinakumanani yankho lawo. Masautso ndamuuza, anangonyamula jeke yodindira fodya kubwerera ku mabelo. Kuntchito ndimauza anthu tsiku ndi tsiku kuti musachedwe, bwerani msanga kuchipatala. Sindikudziwa kuti mawa ndikawayang'ana bwanji.

Mundiuze za msuweni wanga Gladness, ngati zinatheka. Mumuuze kuti kuno ali ndi kwawo, kaya ali ndi chitupa kaya alibe.

Mwana wanu,
Feggie


Karoi
4 Ogasiti 2013

Feggie,

Moni mwana wanga, ndi Masautso, ndi onse a pamaliro amene sindinawathokoze. Uthenga wa a Wyson sunandipeze. Ndamva ndi kalata yako, pa 26 Julayi. Mlongo wanga anakhala m'manda mwezi wathunthu ine ndikumuwerengera masiku ngati wamoyo.

Za Gladness zinatheka. Tinaima pamzere masiku anayi, tsiku lililonse kubwerera dzuwa litalowa osafika pakhomo. Tinalowa pa 3 Julayi. Ndinali nditakonzeka. Ndinaloweza tsiku limene anabadwa, dzina la famu, dzina la mzamba, chaka chimene ndinalowa m'dziko muno, zonse, kuti akandifunsa ndisagwedezeke. Kalaliki wake anali mtsikana wamng'ono, wotopa. Anatenga khadi la sikelo la Gladness, anatenga chitupa changa m'manja mwa Gladness, anakopera manambala, anadinda. Ine sanandiyang'ane. Sanandifunse ngakhale dzina. Ndinati, "Ine ndine bambo ake," iye anati, "Chabwino, mdala, khalani apo." Titatuluka ndinafunsa mayi wina amene anali patsogolo pathu kuti kholo lake lili kuti. Anati bambo ake ali kumudzi sayenda, anangobweretsa chitupa chawo.

Mwina tsiku lina, kalaliki wina, akanandifuna. Ndi zimene Gladness amandiuza. Koma ine ndikudziwa kuti ndikanatha kumusiyira chitupa pa 9 Juni n'kukwera basi, ndipo ndikanawapeza amayi ako akulankhula. Sindinafunse bwino. Ndinamva zonena za anthu n'kuzigwira, mwina chifukwa zinkandipatsa masabata ena atatu osaonetsa nkhope yanga kumudzi. Pa 3 Julayi paja tinabwerera tikuseka, ndinagulira Diana mabanzi, osadziwa kuti kwathu anamwaza kale maliro.

Ndiye usadzizunze, Feggie. Iwe unasunga kalata masiku asanu ndi atatu. Mawu a m'kalatamo ine ndinawasunga zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tsiku lililonse la zakazo amayi ako anali moyo, ndi makutu awo. Unawasambitsa ndiwe, unawatembenuza ndiwe. Ntchito imene inali yanga yoima pamutu pa mbumba munaigwira ana. Ndilibe mlandu nawe. Za mbuzi ija ananena zoona, koma sanakuuze kuti amene anandipeza kuthengoko ndi iwo, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atanyamula chinangwa chowotcha m'kansalu.

Gladness atalembedwa sindinanyamuke tsiku lomwelo monga ndinalonjezera, ndinkadikirabe mawu amodzi aja. Pepala la kwa kazembe tsopano ndatenga. Ndinyamuka pa 18 mwezi uno, a Wyson avomera kunditenga ku Halale mpaka ku Lilongwe. Gladness sabwera, pasipoti ndi nkhani ina yaitali, ndipo tsopano akuyendera chikalata cha Diana. Akudziwa kuti mwina sitidzaonananso. Dzulo anandichapira zovala zonse, ndi zong'ambika zomwe, n'kuzipinda m'thumba la feteleza. Chitupa chake chatsopano amachisunga m'pulasitiki pachifuwa. Wandiuza kuti ndikuuze kuti mawu ako aja, akuti ali ndi kwawo, anawamva, ndipo adzakulembera yekha akaphunzira kulemba Chichewa chosasakaniza.

Musandikonzere kanthu. Ndikubwera ndi thumba limodzi. Manja akadali olimba, nazale ya chaka chino ndithira nawo madzi.

Chinthu chimodzi ndikupempha. A Wyson akuti kwathuko kunasintha, mitengo ija ndinkaidziwa inatha, ndipo pamsewu pali nyumba zambiri ndi mashedi a fodya. Ndikakwera minibasi ku Lilongwe ndiwauze kuti anditsitse pati? Ndipo ndikatsika, njira ya kumudzi ikulowera pati tsopano? Undilembere bwinobwino pa kapepala, uwapatse a Wyson. Sindikufuna kukaima pamsewu ndi thumba, mutu uli mbuu, n'kumafunsa ana a anthu njira ya kwathu.

Ine atsibweni ako,
Lazaro